A Levulo Agulitsa Nyumba Yawo

Bambo anga ndi womanga nyumba, ndipo kwathu dzina lawo lenileni amalidziwa ndi a ku banki okha. Ena onse, ngakhale abusa, amati a Levulo. Dzinali linachokera ku kachipangizo kaja kokhala ndi kadontho ka madzi pakati, koonera ngati khoma lawongoka. Ankayenda nako kulikonse, m'thumba lalitali limene Amayi anachita kuwasokerera pa thalauza. Akafika pakhomo pa munthu, asanafunse n'komwe za ana, ankayamba aika levulo pa windo. Lamlungu lina anaiika pa tebulo la kutsogolo m'tchalitchi, zolengeza zili m'kati, kenako n'kupukusa mutu mpingo wonse ukuona. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo manyazi a tsiku limenelo sindinawaiwale.

Anayamba ntchito ali ndi zaka khumi ndi zisanu, akuponda matope ndi kuponyera njerwa amisiri ali pamwamba. Pofika zaka makumi asanu ndi limodzi, theka la nyumba za m'katauni kathu linali litadutsa m'manja mwawo. Ndi katauni ka msewu umodzi wa tala. Fakitale imene inkalemba anthu ntchito inatsekedwa ine ndili ku sekondale, ndipo kuyambira pamenepo basi imachoka m'mawa yodzaza n'kubwerako madzulo mipando ili yokhayokha. Malo kumeneko savuta. Munthu akagulitsa njinga yamoto amagula puloti, n'kutsalako ya zitseko.

Sanali munthu wophweka kumulemba ntchito. Wamalonda wina atawauza kuti achepetseko simenti pomanga golosale yake, Bambo anatsuka zitsulo zawo, kuzimanga m'thumba, n'kubwera kunyumba dzuwa lisanafike pamutu. Mwezi umenewo tinadya ndiwo zopanda mafuta. Amayi ankati anakwatiwa ndi munthu mmodzi koma m'nyumba muli amuna awiri, wina wopuma wina wachitsulo, ndipo wachitsuloyo, levulo ija, ndiye amalamula.

Nyumba yathu anaimanga zaka khumi ndi chimodzi, Loweruka masana ndi masiku amene ntchito yasowa. Maziko anakumba ofika m'chiuno. Makoma onse, ngakhale a bafa, ndi a njerwa ziwiri. Zipinda zogona zinayi, pabalaza poti n'kuchitirapo msonkhano, khonde mbali ziwiri. Kukhoma msomali wa kalendala m'nyumba imeneyo kunkafuna munthu wodya bwino. Tikadandaula kuti sinapentedwe kunja, Bambo ankangoti, "Nyumba ndi khoma. Penti ndi zodzoladzola."

Analinso ndi njira yawo yodziwira mtengo wa nyumba, ndipo nkhani yonseyi yagona pamenepa. Ankang'amba pepala la thumba la simenti, n'kuchotsa pensulo kukhutu. Ankayeza makoma ndi tepi, n'kuwerenga njerwa, matumba a simenti, malata, matabwa a kudenga, mafelemu, misomali ndi masiku a mmisiri. Pansi penipeni ankawonjezera kangachepe ka malo, ngati mmene munthu amathirira mchere. Chimene chatuluka ndiwo mtengo, ndipo sankaphonya. Abale akakangana pogulitsa nyumba ya malemu ankaitana a Levulo, ndipo pepala la simenti likalankhula mkangano unkatha. Zaka makumi anayi palibe amene anawatsutsapo.

Kenako Amayi anayamba kutupa miyendo. Ku chipatala anati ndi impso, zasiya kugwira ntchito, ndipo magazi awo ayenera kumasefedwa ndi makina katatu pa sabata, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, kwa moyo wawo wonse. Makinawo kwathu kulibe. Ali ku chipatala chachikulu cha mumzinda umene ndimakhala ine, ulendo wa maola asanu ndi anayi pa basi.

Ine ndimasoka makatani pa shopu ina m'tauni. Ndinkakhala m'chipinda chimodzi cha lendi: bedi, makina osokera, mbaula, ndi chingwe chopachikapo zovala. Chimbudzi tinkagawana mabanja asanu ndi awiri. Amayi anabwera kudzakhala mmenemo, iwo pa bedi, ine pansi. Kupita ku chipatala inali minibasi ziwiri. Popita zinkatheka. Pobwera, akachoka pa makina, ankakhala ofooka ngati nsalu yonyowa, ndipo kawiri konse anasanza m'minibasi kondakitala akutukwana. Eni nyumba nawo anayamba kundifunsa kuti mlendoyu achoka liti, poti madzi akutha msanga. Zinali zoonekeratu kuti Amayi akufunika nyumba yoyandikana ndi chipatala, komanso akufunika amuna awo pafupi.

Loweruka lina m'mawa Bambo anaimba foni.

"Iwe, pita ku hadiweya. Ukandifunsire thumba la simenti, lata la mamita atatu, ndi njerwa chikwi."

Ndinapita, ndinafunsa, ndinawauza. Simenti inali yotsika kusiyana ndi kwathu, chifukwa kwathu imachita kubwera pa lole. Malata chimodzimodzi. Ndinamva pensulo ikukanda pepala, kenako anaseka, kuseka kumene sindinakumvepo chiyambire matenda a Amayi.

"Ndiye kumeneko nyumba n'zotchipa! Ndikagulitsa ino tigula ya zipinda zitatu, ndalama ina itsala ya mankhwala."

"Bambo, kuno zinthu n'zosiyana pang'ono."

"Zosiyana chiyani? Njerwa za kumeneko amaumba ndi golide? Iwe soka nsalu, mwana wanga. Za makoma undisiyire ine."

"Pang'ono" ameneyo amandipwetekabe mpaka lero. Ndinkadziwa. Ntchito yanga imandilowetsa m'nyumba za anthu kukayeza mawindo, ndipo mabwana akamakambirana mitengo ife a tepi sationa, amangolankhula. Koma ndinakula ndikuona amuna a imvi akuvula zipewa pamaso pa pepala la simenti lija, ndiye ine ndani? Panalinso china. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi ndinkawanamiza za lendi yanga. Ndinkatchula theka, kuopa kuti akamva yeniyeni adzati ndi misala imeneyo, bwerera kunyumba. Amayi ndinawapempha kuti asaulule. Ndiye kuti nambala yokhayo ya mumzinda imene Bambo anali nayo m'mutu inali bodza langa. Ndinadzitonthoza kuti kwathu nyumba sigulika msanga, ndipeza mpata wowafotokozera bwinobwino.

Inagulika pa masabata awiri. Wogula anali bambo wina wa mumzinda mom'muno, wotsala pang'ono kupuma pa ntchito, amene ankafuna kokakalambira. Bambo anandiuza pa foni, mawu ali m'mwamba, kuti munthuyo sanagogode khoma ngakhale limodzi. Anangozungulira mpanda, kuwerenga mitengo ya mango, n'kufunsa mtengo. Atamuuza, sananenerere. Anafunsa kawiri ngati wamva bwino, kenako anatulutsa cholembera.

"Anthu a m'tauni ndalama zimawayabwa," anatero Bambo. "Ndinaikapo kapamwamba poganiza kuti atsitsa, iye n'kupereka yonse. Watipatsa masiku makumi atatu kuti tisamuke."

Ndinakhala pansi m'shopu momwemo, pakati pa zidutswa za nsalu.

Anafika Lachiwiri, atavala jekete yawo ya ku maukwati, levulo ili m'thumba mwake. Ine ndinali nditapeza ejenti wogulitsa nyumba, bambo wamimba wa nsapato zosongoka ndi mafoni atatu, amene Bambo anangomutcha Mafoni. Tinakumana naye pa geti la chipatala. Bambo anamuuza zimene akufuna: zipinda zitatu, madzi a m'nyumba, mtunda woti munthu wodwala n'kuyenda wapansi. Kenako anatchula ndalama imene anali nayo, motsitsa mawu, akuyang'ana uku ndi uku kuopa akuba.

Mafoni anadikira kaye. "Imeneyo ndi yoyambira, eti madala? Yotsalayo ibwera liti?"

"Yoyambira chiyani? Ndi yonse."

Mafoni anandiyang'ana ine. Ine ndinayang'ana nsapato zake.

Anatitengerabe ku nyumba ina kuseri kwa chipatala, mwina kuti Bambo adzionere okha. Inali ya chipinda chimodzi ndi pabalaza, yothinana pakati pa zinzake moti mnansi akayetsemula umamva ngati ali m'nyumba mwako. Mng'alu unayambira pa windo mpaka kudenga. Bambo anavula jekete n'kundipatsa. Anaika levulo pa khoma, kadontho kanathawira kumapeto. Anatola msomali n'kukanda pakati pa njerwa, mchenga unangoti waa pansi.

"Thumba limodzi la simenti, mawilibala khumi ndi awiri a mchenga," anatero. "Anamanga ndani chimenechi? Ali moyo?"

Anayeza, analemba, anawonkhetsa, n'kumuonetsa Mafoni pepala. Mafoni anatchula mtengo wa mwini wake. Unali kuwirikiza katatu ndalama yonse ya nyumba yathu ya zipinda zinayi.

"Mukundiyesa wakumudzi," anatero Bambo. "Khola ili? Ine ndamanga zimbudzi zolimba kuposa ili."

"Madala, sindikukutsutsani," anatero Mafoni, ndipo analankhula mwaulemu ndithu. "Khomali mukhoza kuligwetsa mawa, mtengo sutsika. Mwinanso ukwera, poti mwam'chotsera wogula ntchito. Kuno anthu sagula khoma. Amagula pamene laimapo: chipatala icho, msika uwo, mpopi wotuluka madzi tsiku lililonse. Kamzere kanu ka pansiko, ka malo, kuno ndiko mtengo. Mizere inayo ndi yongoperekeza."

Bambo anayang'ana pepala lawo nthawi yaitali. Kenako analitembenuza, ngati kuti kuseri kuli nambala ina.

Masiku atatu otsatira tinayenda molowera kunja kwa mzinda, tikusaka pamene ndalama yathu ingayambe kupatsidwa ulemu. Ndinapempha tchuthi ku shopu, abwana anandilola, nkhope itakwinyika. Minibasi imodzi kuchokera ku chipatala, mtengo unali kuwirikiza ndalama yathu kawiri ndi theka. Minibasi ziwiri, kawiri. Bambo ankafunsa mtengo pa siteji iliyonse ngati munthu woyeza kuya kwa mtsinje ndi ndodo. Sankadya. Ndikawagulira buledi ankamuika m'thumba la jekete, madzulo ndinkam'peza ataphwanyika.

Tsiku lachitatu, titatsika minibasi yachitatu n'kuyenda wapansi mphindi makumi anayi, n'kuwoloka kamtsinje kopanda mlatho, tinafika pamene ndalama yathu inakwana. Inali nyumba yosatha, makoma ofika pa windo, udzu utamera pabalaza. Nkhope ya Bambo inawala koyamba. Anayenda m'zipinda zopanda denga akuloza, apa chitseko, apa sinki, ndipatseni miyezi itatu basi.

Ndinayang'ana wotchi. Tinali titayenda maola atatu kuchokera pa geti la chipatala.

"Bambo, Amayi amafunika pa makina seveni koloko m'mawa. Katatu pa sabata. Nanga mvula ikayamba, kamtsinje kaja?"

Aka kanali koyamba m'moyo wanga kuwatsutsa pa nkhani ya nyumba, ndipo ndinali nditachedwa ndi mwezi wathunthu. Bambo anakhala pa mulu wa njerwa n'kupempha kuti ndiwapezere nambala ya wogula uja.

Bambo foni amaiika pa sipika nthawi zonse, amati pakhutu imawotcha, ndiye ndinamva zonse. Anapereka moni wautali, anafunsa za banja, kenako anapempha. Ndinali ndisanawamvepo akupempha munthu chinthu. Anati ndalama ilipo yonse, sanaikhudze, akhoza kuibweza lero lomwe ndi kena pamwamba.

Wogulayo sanali munthu woipa. Anapepesa kwambiri. Anati mapepala anasinthidwa kale, ndipo katundu wake wina wanyamuka. Kenako, pofuna kuwasangalatsa, anawonjezera: "Koma a Levulo, nyumba munamanga! Akazi anga sakukhulupirira. Ife tinangodula kachigawo ka kuseri kwa puloti yathu, pamene tinkaimika galimoto, n'kugulitsa. Ndi kameneko tagulira yanuyo, ina yatsala ya mipando."

Bambo anathokoza, anatsanzika bwinobwino, n'kuzimitsa foni. "Poimika galimoto," anatero, osayang'ana aliyense. Mafoni, amene pakamwa pake sipankatseka, anapita kukaima patali.

Pobwerera, tili othinana kumbuyo kwa minibasi, Bambo anandigunda ndi chigongono.

"Iwe, kachipinda kako kaja umalipira zingati? Zoona."

Ndinawauza. Anatseka maso.

"Ukanandiuza, mwana wanga."

"Mukanandimvera, Bambo?"

"Ayi," anatero. Yankholo silinandipepuze mtima ngakhale pang'ono.

Masiku onsewa Amayi tinkawabisira. Akafunsa, Bambo ankati tikusankhabe, nyumba ndi zambiri. Ankagona pa mkeka pafupi ndi makina anga osokera, miyendo atapinda poti chipinda sichinkawakwana, ine n'kumakagona kwa mnzanga wa khomo lachitatu. Masiku osamukira anatsala khumi ndi awiri. Kwathu kunali mabedi anayi, kabati ya magalasi ndi zitsulo zawo zonse, ndipo tinalibe poziika. Eni nyumba anga anasiya kufunsa za mlendo mmodzi, anayamba kuwerenga awiri. Bambo anazungulira malo atatu omanga kukafunsa ntchito. Kapitawo wina anawayang'ana imvi n'kuwafunsa ngati akufunsira mwana wawo. Ine ku shopu ndinkasoka mizere yokhota, n'kumasula, n'kusokanso. Ndinkaopa kuti tsiku lomaliza lidzafika makolo anga ali ndi ndalama ku banki koma opanda chitseko chawochawo chotseka, ndipo ndinkadziwa kuti dzanja langa lilimo.

Lachinayi Mafoni anaimba. Mwini wa nyumba ya mng'alu ija anali atasintha maganizo: sakugulitsanso, akuchititsa lendi. Kuchokera pa geti la chipatala ndi mphindi khumi wapansi. Anthu ena awiri ankaifunanso, ndiye yankho linkafunika pofika Loweruka.

Lachisanu masana, Amayi atachoka pa makina, tinakhala pa benchi ya panja kudikira kuti chizungulire chiwathere. Anayambitsa ndi iwo.

"Bambo inu, ndakhala nanu zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu. Mukamanama mumatsokomola. Sabata yonseyi mwakhala mukutsokomola. Tandiuzani."

Bambo anawauza zonse, osasiya kanthu, ngakhale za poimika galimoto. Amayi anamvetsera atatsinzina.

"Ndiye sitigula."

"Sitigula."

"Tikachita lendi ya kuseriyi, ndalama ya nyumba yathu itisunga zaka zingati?"

Bambo anali atawerengera kale. "Zinayi, akapanda kukweza. Koma akuti amakweza chaka chilichonse. Tinene zitatu."

"Zitatu," anatero Amayi, n'kutsegula maso. "Zikwana."

"Zikwana bwanji?"

"Pa makina paja timacheza, bambo. Timadziwana. Amene wakhalitsa pa gulu lathu ali m'chaka chachitatu, ndipo mwamuona mmene alili. Musavutike mtima. Ndalamayo indikwanira, mwina itsalako yoti inu mudzabwererere kwathu."

Bambo anaimirira. Ndinali ndisanawaonepo akukwezera Amayi mawu, koma tsiku limenelo anakalipa mpaka mlonda anatembenuka. Anati asadzayerekezenso kulankhula choncho, anati iwo sanagulitse nyumba kuti aziwerengera munthu masiku. Kenako anakhalanso pansi n'kuwagwira Amayi dzanja limene linalibe bandeji. M'mawa mwake anakapereka lendi ya miyezi itatu n'kulandira kiyi.

Papita chaka ndi miyezi iwiri. Mabedi atatu ndi kabati tinagulitsa kwathu komweko pa mtengo wongotaya. Mng'alu uja Bambo anaumata sabata yoyamba ndi simenti yogula okha, anakonzanso khonde ndi ngalande, poti sakanatha kugona akuuona. Mwini nyumba atabwera anayamikira kwambiri, ndipo chaka chitatha anakweza lendi, akuti nyumbayo tsopano ikuoneka bwino. Bambo amapeza timaganyu, kuika matailosi apa, kukonza sitepe apo, koma mawondo ayamba kukana. Ine ndinasamukira konko, ndimagona pabalaza, ndipo lendi imene ndinkalipira kwanga ija imapita mumphika umodzi. Ngakhale choncho, tsiku loyamba la mwezi uliwonse ndikamachoka ku banki ndimaona nyumba ya zipinda zinayi ikuchepa. Mwezi uno tadya khonde, mwezi wamawa tiyamba bafa.

Amayi amayenda okha kupita ku chipatala, ndipo pobwera amapuma kawiri panjira. Anenepako. Ayambanso kukangana ndi ogulitsa tomato. Lachitatu lapitali dokotala anatiitana tonse atatu m'kachipinda kake. Anayang'ana mapepala, anamwetulira, n'kunena kuti thupi lawo lagwirizana nawo makinawo kuposa mmene ankayembekezera. Anati akapitiriza chonchi, osaphonya tsiku, palibe chifukwa choti asakhale nafe zaka khumi, mwinanso kuposa.

Bambo anaomba m'manja ngati mwana, anamugwira dokotala chanza ndi manja awiri, n'kutuluka kukaimbira abale. Ine ndinalira, ndipo kunali kulira kwa chimwemwe, ndikunenetsa. Amayi okha sanaseke. Anadikira kuti chitseko chitsekeke, anandikoka mkono, n'kundinong'oneza kuti dokotala asamve.

"Wamva zimenezo? Zaka khumi. Ndiye tidzakhala kuti, mwana wanga?"